Kwa mayi amene akuopa zilombo za pa chilumba

Mayi, mwafunsa ngati ana anu azidzatha kusewera panja mukasamukira ku chilumba cha m'nyanja yamchere kumadera otentha, ndipo mwati chikukusowetsani tulo ndi njoka ndi shaki, nsomba zikuluzikulu zolusa zija. Ine ndakhalapo pa chilumba chotero zaka zingapo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona.

Za njoka funsani eni malo mukangofika, chifukwa zilumba zimasiyana, ndipo zina zing'onozing'ono zotalikirana ndi mtunda zilibe njoka yaululu n'komwe. Za shaki n'chimodzimodzi: asodzi amadziwa magombe osayenera kusambako, muwamvere basi. Chimene chinandigoneka ine sabata yathunthu ndi udzudzu. Ulipo mtundu wina wa mawanga oyera m'miyendo, wotchedwa Aedes, umene umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo umafalitsa matenda a dengue ndi chikungunya. Pa chilumba cha Réunion, mu 2005 ndi 2006, chikungunya inagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse. Udzudzuwu sufuna dambo kuti uswane. Chikamba cha kokonati, tayala lakale, kapena mbale ya pansi pa maluwa zikagwira madzi a mvula, zakwanira. Neti ya usiku yokha siithetsa vutoli, muzizungulira pabwalo sabata iliyonse n'kumataya madzi oima.

Chachiwiri ndi nyanja yeniyeniyo. Imadzaza ndi kuphwa, malo ambiri kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, madzi amaphwa kwambiri ndipo amabweranso ambiri. Ana amakonda nthawi yophwayo poti m'matanthwe mumatsala timaiwe todzaza tinsomba ndi tinkhanu, koma madzi pobwerera sachenjeza, mwina mungazindikire njira yobwerera itamira kale. Ndipo mwana asapondemo wopanda nsapato. Muli tinyama tozungulira ta minga ngati kanungu, minga yake imathyokera m'phazi. Mulinso nsomba ya stonefish, yofanana ndi mwala ndithu, ululu wake ndi woopsa. Wina akaiponda, viikani phazilo m'madzi otentha amene khungu lingapirire, n'kuthamangira naye kuchipatala. Nkhono zokongola zosongoka kumapeto, zija mwana amafuna kuika m'thumba, zina zikakhala zamoyo zimabaya. Ife lamulo linali lakuti za m'madzi timaona ndi maso, manja kumbuyo.

Koma ndisakuopsezeni kokhakokha, chifukwa madzulo a pa chilumba ndimawasowa mpaka lero. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 pafupifupi chaka chonse, mdima n'kugwa msanga. Nthawi imeneyo mileme ikuluikulu yodya zipatso imayamba kudutsa pamwamba kulowera ku mitengo, anthu ena amaida poti imadya mango, koma ndi yomweyo imene imamwaza njere nkhalango n'kumamera. M'nyumba nalimata amatulukira pafupi ndi babu kudzasaka tizilombo. Musamuphe, alibe vuto, ndipo akukugwirirani ntchito. Nsapato zokha muzikutumula m'mawa, chifukwa nankalizi amakonda kubisalamo ndipo akaluma mumamva.

Nanga nkhanu! Sindinkadziwa kuti zina zimakhala kumtunda moyo wawo wonse, n'kumapita kunyanja kukangosiya mazira. Yaikulu kwambiri, ija amati nkhanu ya kokonati, imafika makilogalamu 4, imakwera mtengo, koma ikakula mukaiponya m'madzi imamira. Ku chilumba cha Christmas Island, mvula yoyamba ikagwa, nkhanu zofiira mamiliyoni ambiri zimatsika kuchokera m'nkhalango kupita kugombe, moti misewu ina amaitseka kuti zidutse.

Pali chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Nyama za pa zilumba zambiri zinakula osadziwa mdani, ndiye makoswe, amphaka ndi agalu obwera ndi anthu amazitha mosavuta. Mbalame ya dodo ya ku Mauritius inatha zaka za m'ma 1600 zisanathe. Ku chilumba cha Guam njoka ya mtundu umodzi wokha, imene inalowa pobisala m'katundu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, inafafaniza pafupifupi mitundu yonse ya mbalame za m'nkhalango. Ngati mukupita ndi mphaka, azigona m'nyumba. Galu asamayende yekha pagombe nyengo imene akamba a m'nyanja akuikira.

Kamba wamkazi amatuluka m'madzi, kawirikawiri usiku, n'kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, n'kuikira mazira pafupifupi 100. Pakapita miyezi iwiri tiana timatuluka mumchenga, ndipo timalondola kumene kukuwala kwambiri, kumene mwachilengedwe kumakhala kunyanja. Babu la pakhonde kapena tochi ya pafoni imatisocheretsa, timalowera kumtunda n'kukafera komweko ndi dzuwa. Ine ndinationa kamodzi m'bandakucha, tating'ono tosadzaza n'chikhatho chomwe, tikupalasa mchenga kuthamangira mafunde. Amene ankayang'anira chisacho anatiuza tiime kumbuyo, tizimitse mafoni, ndipo tisanyamule ngakhale kamodzi. Mwana wa anzanga amene sakhala chete mphindi imodzi anaima duu mpaka kotsiriza katalowa m'madzi. Mukafika, funsani mwezi umene amaikira kumeneko, mudzawatengere ana anu.