Kodi ku Joni amamangadi munthu akasuta pagulu?

Achimwene, mwafunsa ngati nzoona kuti ku South Africa amamanga munthu akasuta ndudu mu bala kapena mu lesitilanti, komanso ngati kumeneko sikuphwanya ufulu wa osuta. Kumanga kwenikweni ayi, ndi faindi basi. Lamulo lake ndi Tobacco Products Control Act la 1993, analikhwimitsa mu 1999, ndiye mmalo otsekeka ngati ma ofesi, ma mall, mu taxi kaya mu basi simungasute. Bala kapena lesitilanti ikhoza kupatula malo a osuta koma asapitirire 25% ya malo onsewo, akhale otchinga ndithu ndipo ana asalowemo. Mukagwidwa inuyo faindi imafika R500 koma amene amalira kwambiri ndi mwini malo, mpaka R50,000, nchifukwa chake amene angakutulutseni ndi manejala kapena alonda, apolisi alibe nazo nthawi zimenezo. China chomwe ambiri sadziwa, kusuta mugalimoto muli mwana osakwana zaka 12 ndi mlandu.

Za ufuluzo ine ndiye sindikugwirizana nanu. Ndudu sanaletse, gulani mukasutire panja, koma weita amene amakhala shifiti yonse mu utsi wanuwo nayenso alitu ndi mapapo. Pomwe osuta anali ndi mfundo ndi 2020 ija, boma linaletsa kugulitsa fodya pafupifupi miyezi isanu nthawi ya Covid, anthu nkumangogula ndudu zozembetsa pamtengo wamisala, mapeto ake khoti linagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.