Funsani a Injiniya: kuwala kwa faiba kukuthera kuti panjira?

FUNSO: Moni a Injiniya. Ndili ku Salima kuno, ndangoyamba kumene ntchito zamanetiweki. Tinakoka faiba (waya wotumiza intaneti ndi kuwala) ya mtundu wa single-mode kuchoka paboma kukafika pa loji ina ku Senga Bay, waya yense makilomita 20, ma splice (polumikiza faiba ziwiri) 6 ndi makonekita awiri. Intaneti ikugwira koma imangodukaduka, titayeza ndi power meter (choyezera mphamvu ya kuwala) pa kuwala kwa mtundu wa 1310 nm tapeza kuti tikutaya 14 dB (dB ndi muyeso wa kuwala kotayika panjira). Abwana akuti tingogula ma SFP (timakina totumiza ndi kulandira kuwala kumapeto kwa faiba) amphamvu nkhani ithe. Kodi 14 imeneyi ilibwino pa mtunda umenewu? Mnyamata wa faiba, Salima.

YANKHO: Achimwene 14 yachuluka, ndalama ya SFP isatuluke kaye. Tengani pepala tiwerengere limodzi.

Pa 1310 nm faiba ya single-mode imadya pafupifupi 0.35 dB pa kilomita iliyonse, ndiye makilomita 20 ndi 7 dB. Splice yowotcha bwino ndi mashini timaipatsa 0.1 dB, zonse 6 ndi 0.6. Konekita iliyonse tiipatse 0.5, awiriwo ndi 1 dB. Kuphatikiza zonse 8.6 dB basi. Popanga pulani timawonjezapo 3 dB yapadera poti waya adzadulidwa ndi okumba ngalande mudzalumikizanso, koma imeneyo ndiyosungira mtsogolo, meter isaiwonetse lero ayi.

Ndiye pali 5.4 dB yomwe palibe akudziwa komwe ikupita, ndipo musaione kuchepa, 3 dB yokha ndiye kuti theka la kuwala lapita, apa pa zomwe zimayenera kufika ku Senga Bay zikufika zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ine ndikanayambira pa makonekita. Fumbi la Salima mukulidziwa nokha nthawi ya mwera, ndipo pakati pa faiba podutsa kuwala ndi ma micron 9 okha, tsitsi lanu ndilonenepa kangapo, kafumbi kamodzi kakakhala pamenepo zatha. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi chopukutira chake, osati malaya chonde, muyezenso. Ndipo musasuzumire mu faiba ndi diso kuti muone ngati ikuyaka, kuwala kwake sikuoneka koma kumavulaza.

Zikapanda kusintha yezaninso pa 1550 nm. Waya wabwinobwino amataya pang'ono pamenepo, cha m'ma 0.22 dB pa kilomita, ndiye mukapeza kuti 1550 ikutaya kuposa 1310 dziwani kuti wapindika penapake, mwina mu closure (bokosi losungira ma splice) kapena wina anamanga cable tie mokhwimitsa. Apa bwerekani OTDR (mashini oonetsa pomwe kuwala kukutayikira mu faiba) ikuuzeni pa kilomita yanji, muyeze kuchokera mbali zonse ziwiri chifukwa splice imatha kuoneka yabwino mbali imodzi yokha.

Abwana auzeni mwaulemu kuti SFP yamphamvu itha kuyatsadi link lero koma popindikapo pakhalabe pomwepo. Apatseni pepala la 8.6 lija pambali pa 14, muwapemphe tsiku limodzi ndi OTDR.