Bambo anu ali bwinobwino, achemwali: za mafilimu akale a kung fu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Akuti bambo ake, chipumireni pa ntchito, madzulo aliwonse amakhala pakhonde ndi foni m'manja n'kumaonera mafilimu akale a Chitchaina, omenyana aja. Funso lake linali ili: "Chokoma n'chiyani m'mafilimu amenewa? Zithunzi zake n'zofuwa, milomo ya anthu siyenderana ndi mawu, ndipo nkhani yake ndi yomweyomweyo: wina wapha mphunzitsi, wophunzira akukabwezera. Kodi bambo angawa akungokumbukira unyamata wawo, kapena pali chimene ine sindikuchiona?"

Achemwali, zitatu mwadandaulazo zonse n'zoona. Za unyamatazo nazonso sindikana. Ife amene tinakula tikulipira timakobiri pakhomo la video show, n'kukapanikizana pa benchi mumdima thukuta lili kamukamu, tikangomva kulira kwa nkhonya za m'mafilimu aja mtima umabwerera kutali. Tikatuluka m'menemo nthochi za eni ake zinkaona zakuda ndi mateche athu. Koma chikanakhala chikumbutso chokha, bwenzi achinyamata amene sanalowepo mu video show sakuwafunafuna mafilimuwa lero. Chilipo chimene bambo anu akuona. Akuona thupi la munthu likuchita chinthu chovuta kwambiri, poyera, inu maso muli tong'o.

Ndiyambe ndakonza dzina. Kwathu kuno timangoti "mafilimu a karate", koma karate ndi ya ku Okinawa, ku Japan. Ambiri mwa amene bambo anu akuonerawo ndi a kung fu, ndipo anapangidwa ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, mzindawo udakali m'manja mwa Britain. Alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a malupanga, anthu ouluka pamwamba pa madenga ndi nsungwi, amene eni ake amawatchula kuti wuxia. Ena ndi a manja okhaokha, phazi lili pansi. Awiriwa amakomera posiyana, ndipo ine ndimakonda achiwiriwa.

Za milomo zija, si kuti foni ya bambo anu ili ndi vuto. Kampani yaikulu ya nthawi imeneyo, Shaw Brothers, imene ankaitsogolera Run Run Shaw, inatsegula malo ake ojambulira ku Clearwater Bay mu 1961, ndipo inkagwira ntchito ngati fakitale. Filimu ina ikutha, ina yayamba kale pa bwalo lomwelo, zovala zomwezo, nkhope zomwezo. Ankajambula zithunzi zokha popanda mawu, mawuwo n'kudzawaika pambuyo. Ndiye kuti ngakhale munthu wa ku Hong Kong nthawi zambiri ankamva mawu a munthu wina, osati a amene akuoneka pa chithunziyo. Zikamapita kunja ankaikanso Chingerezi mothamanga. N'chifukwa chake ine sindikwiya ndikamva anyamata athu aja amene amamasulira mafilimu m'Chichewa, mkulu wa ndevu zoyera wa ku kachisi wa Shaolin n'kumayankhula ngati wa pa depoti ya minibasi. Mafilimuwa anabadwa akubwereka mawu. Chawochawo ndi thupi.

Ndiye thupilo linkachokera kuti? Tengani Jackie Chan. Ali ndi zaka pafupifupi 7 makolo ake anamusiya pa sukulu ya zisudzo zachikhalidwe cha Chitchaina, kwa mphunzitsi wotchedwa Yu Jim-yuen, ndipo anakhalako zaka 10. Kuyambira mbandakucha mpaka usiku anali kugudubuka, kudumpha, kuimirira ndi manja, kuimba, ndodo ya mphunzitsi ili pafupi. Sammo Hung ndi Yuen Biao anakulira pa sukulu yomweyo. Sindikuyamikira kulera ana mwa njira imeneyo, inali nkhanza ndithu. Koma mukaona atatuwa akuponyana pa matebulo ngati alibe mafupa, dziwani kuti mukuona zaka 10 zimenezo. Wina ndi Lau Kar-leung, amene kwa ine ndiye katswiri woposa onse pokonza ndewu za m'filimu. Bambo ake anaphunzira kung fu kwa Lam Sai-wing, amene anali wophunzira wa Wong Fei-hung, sing'anga ndi mphunzitsi weniweni wa ku Guangzhou yemwe anamwalira mu 1925. Choncho Lau akamajambula kaimidwe ka miyendo, ankajambula za kumtundu kwawo.

Yesani ichi tsiku lina. Ndewu ikayamba, werengani kuti anthu aja aponyerana kangati chithunzi chisanasinthe. M'mafilimu abwino a nthawi imeneyo kamera imaima patali, mumaona munthu yense kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kuponya, kutchinga, kuzinda ndi kubweza kumatsatizana kambirimbiri osadula. Mukatero mukaonere filimu yamakono ya ndalama zambiri. Nkhonya imodzi aidula katatu, kamera ikugwedezeka, mukungomva phokoso osadziwa kuti wamenya ndani. Kudula kotero kumabisa munthu amene sadziwa kumenya. Akale aja analibe chobisa chambiri. Sindikuti analibe mabodza awo: ankagwiritsa ntchito zingwe, zodumphira zobisika, ufa pa zovala kuti theche lioneke lamphamvu, ndipo nthawi zina ankasewera ndi liwiro la kamera kuti anthu aoneke achangu. Koma chingwe sichingakupatseni luso lokumbukira mayendedwe onse aja limodzi ndi mnzanu, pamene mukaphonya pang'ono ndodo ikupezani pamphuno.

Pamenepa pali gule. Amene anaonerapo beni kapena ingoma yovinidwa bwino safunsa kuti nkhani yake ikuti chiyani, amaona mapazi ndi ng'oma zikumvana. Ndewu ya Lau Kar-leung ili ndi ng'oma yake: imathamanga, imaima kaye anthu akuyang'anizana, kenako imaphulika. Si mwangozi kuti King Hu, pojambula Come Drink with Me mu 1966, anasankha Cheng Pei-pei, mtsikana amene anaphunzira kuvina, kuti akhale mwini filimu. Inde achemwali, mkazi ndi lupanga, mu 1966, akubalalitsa amuna m'nyumba ya alendo. Mayi yemweyo anadzaonekanso atakula mu Crouching Tiger, Hidden Dragon mu 2000.

Tsopano za nkhani yobwerezabwereza. Kubwezera kuja ndi chikuto chabe. Mtima wa mafilimu abwino uli pakati, pamene munthu wopanda pake akuphunzira. Chitsanzo chimene sindingachilumphe ndi The 36th Chamber of Shaolin ya mu 1978, ya Lau yemweyo, momwe Gordon Liu ndi mnyamata wothawa asilikali a boma lankhanza n'kukabisala ku kachisi wa Shaolin. Iye akufuna kuphunzira kumenya lero lomwe. Amonke aja akumupatsa tsache. Atayamba maphunziro, chipinda choyamba chilibe nkhonya n'komwe: kuti akadye ayenera kuwoloka madzi poponda zipika zoyandama, akagweramo chakudya chamudutsa. Chipinda china akusenza ndowa za madzi kukwera chitunda manja atatambasula, mipeni itamangidwa m'mikono kuti akangotsitsa dzanja imubaye m'nthiti. China akuimba belu ndi ndodo yaitali yolemera kunsonga, dzanja limodzi, mpaka mkono kutupa. Gawo lalikulu la filimu ndi limeneli, ndipo silitopetsa ngakhale pang'ono. Atamaliza zipinda zonse 35 anamufunsa chimene akufuna kuyang'anira, iye n'kupempha kuti atsegule cha 36, chophunzitsira anthu wamba akunja kwa kachisi.

Sindikudziwa ntchito imene bambo anu ankagwira, koma aliyense amene anayambira pansi, kaya pa ukalipentala, pa umakaniko kapena pa telala, amaidziwa nkhani imeneyi m'mafupa. Miyezi yoyamba umangosesa ndi kupatsira masipanala, mphunzitsi wako osakuuza chifukwa chake. Tsiku lina umangozindikira kuti dzanja lako layamba kudziwa lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mafilimu ochepa kwambiri ndi amene anadekha mokwanira kuti aonetse zimenezi. Ngwazi za masiku ano zambiri zimabadwa ndi mphamvu kapena kuzitola mwangozi. Uyu wazipeza ndi ndowa.

Bruce Lee ndi nkhani ina, ndipo apa anzanga andikwiyira. Mafilimu ake, mukamuchotsamo iyeyo, ambiri ndi ofooka. Koma simungamuchotse. Munthu ameneyu akangolowa pa chithunzi maso anu sapitanso kwina. Anayamba kutchuka ndi The Big Boss mu 1971, kampani ya Golden Harvest imene Raymond Chow anayambitsa atachoka kwa Shaw itamutenga, ndipo pa 20 July 1973 anamwalira ali ndi zaka 32 zokha, Enter the Dragon isanatuluke. Zaka ziwiri basi. Chimene anabweretsa ndi mkwiyo wa munthu wonyozedwa. Mu Fist of Fury ya mu 1972, anthu a sukulu ya Chijapani ku Shanghai akubweretsa chikwangwani chonyoza Atchaina kuti ndi anthu odwala a kum'mawa kwa Asia. Iye akuchinyamula, kukachibweza, kuwakuntha onse, kenako kuwadyetsa pepalalo. Anthu a ku Hong Kong, amene ankalamulidwa ndi azungu, anamva. Anthu akuda a ku America anamva. Kuno ku Africa, kumene zikwangwani zoletsa eni dziko kulowa malo ena zinali zisanaiwalike, sipanafunike womasulira. Koma chithunzi chake chimene ine ndimachikonda kwambiri chilibe mkwiyo. Mu The Way of the Dragon, atapambana Chuck Norris pa ndewu ija ya ku Colosseum ku Rome, akutenga chovala cha mdaniyo ndi lamba wake wakuda n'kumufunditsa. Wapha munthu, ndipo sakusangalala.

Bruce Lee atamwalira panabuka chinyengo. Kunatuluka a Bruce Li, a Bruce Le ndi ena otero, ndipo ife a pa benchi tinaberedwa makobiri kangapo chifukwa cha chilembo chimodzi. Ndinene poyera kuti pa mafilimu a nthawi imeneyo zinyalala n'zambiri kuposa zabwino. Ena amazunza akazi popanda chifukwa, ena amajambula Mjapani aliyense ngati chilombo. Ngati munagwera pa amenewo, simunalakwe kuipidwa.

Amene anatsegula njira ina ndi Jackie Chan, atakanika kukhala Bruce Lee wachiwiri monga ena ankafunira. Mu 1978, ndi katswiri wokonza ndewu za m'filimu Yuen Woo-ping, anatulutsa Drunken Master. Anatenga Wong Fei-hung uja, amene Kwan Tak-hing anali atamusewera m'mafilimu oposa 70 kuyambira 1949 ngati bambo wolemekezeka, n'kumusandutsa mnyamata wopulupudza amene akuwongoledwa ndi nkhalamba yokonda kachaso kakwawo. Nkhalambayo anali bambo ake enieni a Yuen Woo-ping. Bruce akamenya, wogwa ndi mdani. Jackie akamenya, amakupiza dzanja chifukwa naye zamupweteka. Pambuyo pake anazolowera kuika kumapeto kwa filimu zithunzi za pamene zinalakwika, akumunyamula atavulala. Akujambula filimu ina ku Yugoslavia anagwa mumtengo n'kusweka chigaza, pang'ono kufa. Anthu a ku Hollywood atafuna ndewu zooneka bwino mu The Matrix ya mu 1999 anakatenga Yuen Woo-ping yemweyo, ndipo iye anayamba wawaphunzitsa osewerawo kwa miyezi kamera isanayatsidwe.

Za zithunzi zofuwa, zambiri zimene zimayenda m'mafoni ndi zokopedwa kuchokera ku matepi akale, zodulidwa m'mbali moti nthawi zina munthu amamenyana ndi mdani amene sakuoneka. Mafilimu ambiri a Shaw Brothers anakonzedwanso, ndipo mukapeza oterowo mudzadabwa ndi kuwala kwa mitundu yake. Muwapezere bambo anu ya zipinda 36 ija yooneka bwino, muiike pa TV osati pa foni, muphike tiyi. Akayamba kukuuzani zimene zichitike zisanachitike, asiyeni, ndi mmene tinkaonera. Koma mpando wanu muuike patali pang'ono ndi mwendo wawo wamanja, chifukwa ndewu yomaliza ikafika mwendo umenewo sufunsa mwini wake.