Achimwene ali m'selo ku Texas, belo ndi $20,000, tigulitse puloti?

FUNSO: Zikomo a Tifunseni. Achimwene anga amakhala ku Dallas, Texas, sabata yatha anawamanga atamenyana ndi munthu ku bala ndipo winayo anavulala mpaka kugonekedwa. Belo akuti ndi $20,000. Anzawo kumeneko akuti kuli anthu otchedwa ma bondsman, tikawapatsa $2,000 basi achimwene atuluka mawa lomwe. Mayi akufuna agulitse puloti yawo kuti titumize. Ndalamayi idzabwerera? Nanga beloyo sangaitsitseko? Ine wosowa tulo, Lilongwe

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali, koma mayi auzeni puloti ija ayambe aisiya kaye. $2,000 yomwe mungapatse bondsman sibwerera ayi, ngakhale mlandu utathetsedwa sabata yamawa, ngakhale khothi litapeza kuti achimwene sanalakwe. Imeneyo ndi malipiro ake.

Kuno tinazolowera kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, kukhothi mumapita ndi achibale okuimirani, mwina ndi kandalama. Ku America nkhani ya belo anaisandutsa bizinesi. Mukakhala nayo $20,000 yonse mumakapereka nokha kukhothi, ndipo achimwene akamapezeka tsiku lililonse la mlandu ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha, amangodulapo kochepa, risiti yake musataye. Mukakhala mulibe ndiye pamalowa bondsman, iye amalonjeza khothi kuti munthuyu akathawa ndidzalipira ndine yonseyo, inu mumamupatsa pafupifupi 10 peresenti. Ndiye poti naye safuna kuluza amafuna wina wa komweko asaine, nthawi zina ndi chikole ngati mapepala a galimoto kapena nyumba, ndipo wosainayo adziwe kuti achimwene akajomba kukhothi $20,000 yonse idzamugwera iyeyo, osati anzawo ena aja akungolankhula pa WhatsApp. Ma state ena monga Kentucky, Oregon ndi Wisconsin bizinesi imeneyi analetsa, Illinois inafika pothetseratu belo ya ndalama mu September 2023, koma ku Texas ma bondsman ali mbwee pafupi ndi ndende iliyonse yaikulu.

Zotsitsa zija zimatheka ndithu ndipo apa mpamene ndikufuna muikepo mtima. Ndalama ya belo yoyamba ija amaitchula majisitireti mwachangu, pasanathe maola 48 munthu atamangidwa, akungoona mlandu ndi mbiri ya pa kompyuta, sakudziwa kuti achimwene amagwira kuti, amakhala ndi ndani. Loya ndi amene amalemba pempho loti belo itsike ndipo jaji amaika tsiku lomva nkhaniyo. Ngati ndalama ya loya palibe achimwene apemphe loya wowaimira wolipiridwa ndi boma, ndi ufulu wawo, chigamulo cha khothi lalikulu kwambiri la ku America pa mlandu wa Gideon v. Wainwright cha 1963 chilipo, ndipo sichifunsa kuti ndiwe mbadwa kapena mlendo. Malamulo aakulu a dzikolo, pa Eighth Amendment, amaletsa belo yopyola muyezo, ndipo pa mlandu wa Stack v. Boyle mu 1951 khothi lalikulu linati belo yoposa imene ikufunika kuti munthu azibwera kukhothi ndi yopyola. Lamulo la Texas nalo limati jaji aganizirenso zoti munthuyo angakwanitse zingati.

Koma jaji satsitsa chifukwa choti kumudzi mayi akulira. Amafuna mapepala. Kalata ya abwana kuntchito yoti malo awo akadalipo, mapepala a malipiro, mgwirizano wa lendi woonetsa kuti akhala pa adilesi imodzi zaka zingati, abusa kapena mkulu wa mpingo wobwera yekha kudzakhala m'khothimo, umboni woti sanajombepo mlandu wina. Wina wa m'banja kapena mnzawo anene poyera kuti tayesa kusonkha tapeza zakuti, kupitirira apa sitingathe. Vuto la alendo ndi loti loya woimira boma pozenga mlandu amangoti uyu ali ndi kwawo athawa, ndiye loya wanzeru amayamba yekha kunena kuti pasipoti tipereka, chipangizo cha GPS pa mwendo tavomera, wovulala uja sitimuyandikira. Belo ikatsika kufika $5,000, ya bondsman ija yangokhala $500, mwaona kusiyana kwake? Puloti yapulumuka pamenepo. Zotuluka osalipira kalikonse, zimene amati personal bond, musaziyembekezere kwambiri, chifukwa kuyambira 2021 Texas inatseka njira imeneyo pa milandu yambiri yovulaza munthu. Ndipo kudikira tsiku la jaji kumatanthauza masiku ena m'selo, ntchito itha kuwathera, izi muziyeze ndi achimwenewo. Palinso Article 17.151 ya malamulo a milandu a ku Texas, imati ngati mlandu ndi waukulu ndipo boma silinakonzeke kuzenga patatha masiku 90 munthu ali mkati, ayenera kumutsitsira belo kapena kumutulutsa.

Tsono chinthu chimene simunanene m'kalata mwanu, ndipo ndi chimene chikundidetsa nkhawa, mapepala awo okhalira ku America ali bwanji? Ngati viza inatha, a ICE, omwe ndi a imigireshoni a ku America, amatha kuika chimene amati detainer, kupempha ndende kuti imusunge munthu mpaka maola 48 owonjezera kuti adzamutenge, ndipo ndende za ku Texas zimakakamizidwa ndi lamulo kumvera. Ndiye mutha kulipira $2,000 lero, achimwene osaona ndi msewu womwe, kungochoka m'manja mwa apolisi kulowa m'manja mwa a imigireshoni, ndalama yapita. Loya afufuze zimenezi musanatumize ndi dola imodzi yomwe, ndipo ngati detainer ilipo pakufunikanso loya wa za imigireshoni chifukwa kumeneko malamulo a belo ndi ena.

Akakuimbirani kuchokera m'ndende musawafunse kuti zinakhala bwanji ku bala kuja, mafoni a m'menemo amajambulidwa ndipo woimira boma amatha kumvetsera, kaya mukulankhula Chichewa omasulira amapezeka. Afunseni za thanzi, nambala yawo ya m'ndende, ndi dzina la loya yemwe awapatsa, kenako inu muimbire loyayo.