Chifukwa chiyani bola izimilira pa TV yatsopano pamene pa yakale inali kuoneka bwino?

Ndalandira imelo kuchokera kwa a mudala ena a ku Kapata kuno ku Chipata, ali ndi kamalo koonetsera bola. Ati anagula TV ya mainchesi 55, ya 4K, koma kamera ikayamba kuthamanga ndi osewera manambala a pa jezi sawerengeka, bola nayo ioneka mwachimbuuzi. Makasitomala akale akuwauza kuti TV ija ya chimsana imene anaonerapo Chipolopolo itenga chikho mu 2012 inali bwino. Funso lawo ndi lakuti, anandigulitsa feki kapena maso anga ndiwo atha?

A mudala, maso anu ali bwino, ndipo TV yanu mwina ndi yeniyeni ndithu. Makasitomala anuwo sakunama. Pa zinthu zoyenda, TV ya chimsana ija, ya CRT, inali kuipambana TV yopyapyala ya LCD yotchipa ya masiku ano, ndipo chifukwa chake chili m'mene diso ligwirira ntchito.

Pa TV palibe chimene chiyenda, ndi zithunzi zoima chabe zosinthana mwachangu. Kuno kwathu mawayilesi a kanema atsata 50Hz, kutanthauza kusintha ka 50 pa sekondi, mofanana ndi magetsi athu amene nawonso ndi a 50Hz. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000, so chithunzi chilichonse chipatsidwa mamilisekondi 20. Manje nkhani yonse yagona pa zimene TV ichita mu mamilisekondi 20 amenewo.

CRT inali kung'anima chabe. Kadontho kalikonse pa galasi kanali kuwala kwa milisekondi imodzi kapena ziwiri, kenako mdima mpaka chithunzi chotsatira, ndiye chifukwa chake ukaijambula ndi kamera ya foni panali kuoneka mizere yakuda ikuyenda. LCD ndi OLED, mtundu wina wodula wa TV yopyapyala, sizichita choncho, zigwira chithunzi chili chiyakire kwa mamilisekondi onse 20, kenako zidumphira pa chotsatira. Akatswiri achitcha sample and hold.

Diso lanu likamatsatira bola siliyenda modumpha ngati TV, liyenda mosalala, osaima. Ndiye ganizani, bola yaima malo amodzi pa galasi kwa mamilisekondi 20 koma diso lapitirira kale kutsogolo kumene liyembekeza kuti bola ifika, choncho kuwala kwa bola ija kukwekwereka mkati mwa diso, pa retina, ndipo ubongo ulandira chinthu chotalika chofufutika. Zili ngati chikuni cha moto chimene mwana azunguza usiku, muona mzere wa moto pamene khala ndi limodzi, kungoti pa TV zatembenuka, khala laima ndipo diso ndilo likuyenda. Pa CRT chithunzi chinali kuzima diso lisanapite patali, palibe chokwekwereka. Ichi ndicho anthu ambiri sachikhulupirira ukawauza, kuti gawo lalikulu la chimbuuzi chija lipangika m'diso mwanu momwe, ukaimitsa kanema pa pause sulipeza.

Masamu ake ndi osavuta. Chinthu chikamayenda mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) 1,000 pa sekondi, liwiro limene lidutsa sikirini ya Full HD mu masekondi pafupifupi awiri, pa 50Hz chifufutika ndi mapikiselo 20. Pa 100Hz ndi 10. Ndipo 4K sithandiza kalikonse apa, 4K ikupatsani tsatanetsatane pamene chithunzi chaima, kamera ikathamanga tsatanetsatane uja ndiye woyamba kusowa. TV ikakula ndipo anthu akhala pafupi, chimbuuzi chija nacho chikula m'maso.

Mungayese lero lomwe. Malemba aja oyenda pansi pa sikirini pa nyuzi kapena pa SuperSport, atsateni ndi maso muone m'mene m'mbali mwake mufewera. Kapena ngati muli ndi foni ya 90Hz kapena 120Hz, ma Tecno ndi ma Infinix ambiri ali nazo masiku ano, ikani pa 60Hz mu settings mupite pa Facebook mukokere pansi mukuyesa kuwerenga, kenako mubwezere pa 120Hz. Kusiyana muona nokha. Kulinso webusaiti ya TestUFO yopangidwira mayeso amenewa.

Pali vuto lachiwiri la LCD yokha. Timadontho take titenga nthawi kusintha mtundu, makamaka kuchoka pa chakuda, ndiye wosewera wa jezi yakuda asiya kamchira kumbuyo. OLED ilibe vuto ili, isintha nthawi yomweyo, koma nayonso igwira chithunzi, so chimbuuzi cha diso chija chikhalapobe ngakhale mutalipira ndalama zambiri.

Chimene chindipweteka mtima ine ndi manambala a pa katoni. Munthu wasunga ndalama miyezi, afika mu shopu aona 120 kapena 200 yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, pafupi pake palembedwa Motion Rate kapena dzina lina lokoma, aganiza kuti ndi Hz. Nthawi zambiri galasi la mkati ndi la 50 kapena 60Hz chabe. Funsani native refresh rate, kutanthauza ma Hz enieni a galasilo, ndipo modelo nambala muisake pa intaneti musanatulutse ndalama.

Manje pa TV imene muli nayo kale, tengani rimoti mulowe mu Picture. Samsung aitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG ndi TruMotion, Sony ndi Motionflow. Izi zipanga zithunzi zongopeka pakati pa zenizeni. Ngati galasi ndi la 100 kapena 120Hz zichepetsadi chimbuuzi, ngati ndi la 50Hz pa bola siziwonjezera zambiri. Musaikweze mpaka kumapeto chifukwa TV ikalephera kupeka bola ioneka iwiri kapena isowa kaye ikamadutsa kutsogolo kwa masapota, ikani pakati. Pa mafilimu ine ndizimitsa, filimu ijambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi ndipo ukaisalaza kwambiri ioneka yotchipa, koma uko ndi kukonda kwa munthu.

Ma TV ena ali ndi njira ina yotengera CRT, kuika mdima pakati pa zithunzi, pa Samsung ndi LED Clear Motion. Igwiradi ntchito, manambala a pa jezi ayamba kuwerengeka. Koma chithunzi chida, ndipo pa 50Hz anthu ena aona kuthwanima mpaka mutu kuwawa. Pa gemu ya masana chitseko chili chotsegula sindikulangizani, usiku yesani mufunse makasitomala.

Komanso musaimbe mlandu TV pa zonse. Onani chimene mukuidyetsa. Ngati dikoda yalumikizidwa ndi kachingwe kachikasu ka AV, kapena chanelo ndi ya SD, TV ikutambasula mizere 576 kuti idzaze mizere 2,160 ya 4K, sizingaoneke bwino, gwiritsani HDMI ndi chanelo ya HD. Udzu wa m'bwalo ukamasanduka timabokosi kamera ikathamanga, chimenecho ndi kupanikiza kwa siginolo, TV ilibe mlandu. Ma stream a pa intaneti ndiye oipitsitsa, ambiri abwera pa zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi, pa 25 chithunzi chikhala mamilisekondi 40, chimbuuzi kuwirikiza kawiri, ndipo bando ikamatha kapena netiweki ikagwa zingoipiraipira. Ngati muonera pa kabokosi ka Android onaninso output yake, nthawi zambiri kakhala pa 60Hz pamene bola ya ku England kapena kuno ndi ya 50, ndiye chithunzi chiyenda modzigwedeza. Kaikeni pa 50Hz.

Yambani ndi chingwe ndi chanelo, kenako settings, mubweze mabenchi a kutsogolo pang'ono kumbuyo. Zikakanika nditumizireni modelo nambala ili kuseri kwa TV ndikuonereni ngati galasi lake ndi la 50 kapena 100Hz.