Kodi mpweya amaugulitsa bwanji?

Funso: Akonzi, kwathu kunabwera a bungwe lina kudzagawa mbaula za chitetezo, ndipo anatisainitsa mapepala ponena kuti akagulitsa "kaboni" kunja. Kodi malonda amenewa amayenda motani, nanga ife tipindulapo chiyani? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Zikomo mayi. Chimene chimagulitsidwa ndi chiphaso chotsimikizira kuti tani imodzi ya mpweya wa kaboni, umene ukutenthetsa dziko, sinakwere mumlengalenga. Mukaphika nsima pa mbaula yadothi ija m'malo mwa pamafuwa, nkhuni zimapita zochepa, ndipo bungwelo limawerengera utsi umene mwapewawo n'kukaugulitsa kwa makampani akunja ofuna kulipira utsi wawo.

Malondawa anazika mizu ndi pangano la mayiko lochepetsa mpweyawu, limene anagwirizana mu 1997 ku Kyoto, m'dziko la Japan, ndipo mayiko a ku Ulaya a mu mgwirizano wa European Union anatsegula msika wawo mu 2005. Kumeneko boma limaika malire a utsi umene mafakitale ndi malo opangira magetsi angatulutse, ndipo wopyola gawo lake amagula ziphaso zololeza kutulutsa utsi kwa mnzake amene watsala nazo. Zonse zimadalira kuti ziphasozo zikhale zosowa. Mu 2007 mtengo wake unagweratu chifukwa anazigawa zambirimbiri, koma atamangitsa malamulo, mu February 2023 tani imodzi inadutsa ma euro 100 (ndalama za ku Ulaya).

Musatengeke ndi mtengo umenewo, mayi, pakuti ziphaso za mbaula sizilowa pa msika umenewu. Zambiri zimagulitsidwa kwa ogula mwa kufuna kwawo, kumene kawirikawiri tani imagulidwa madola ochepa chabe, ndipo pa ndalamazo amayamba atapapo owerengera, otsimikizira ndi amkhalapakati. Kawerengedwe nakonso kamavuta: mu 2023 ntchito yoteteza nkhalango ya ku Kariba, ku Zimbabwe, inadzudzulidwa kwambiri kuti inakokomeza matani amene inapulumutsa.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amene amafukiza utsi wochepa ndi amene amasaina mapepala osawamva. Nthawi zambiri pepala lotere limapereka umwini wa kaboni wa mbaula yanu kwa bungwelo. Choncho pemphani kope lake, akuwerengereni m'Chichewa pamaso pa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo afotokoze kuti panganolo ndi la zaka zingati, kuti mbaula ikasweka adzaibweza ndani, komanso kuti ndi ndalama zingati pa tani iliyonse zimene zidzabwerere kumudzi.