Bwanji tchalitchi cha Durham chili ndi kamdima komanso zipilala zonenepa chonchi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akugwira ntchito ku Newcastle, ku England. Akuti tsiku lina ali pa off anakwera sitima kukaona cathedral ya ku Durham, ndiye akufunsa kuti: "Tchalitchi chachikulu chonchija bwanji mkati muli kamdima, mawindo ochepa, zipilala zonenepa zoti anthu atatu kugwirana manja osazungulira, pomwe ku York Minster, tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa York, kuli mbee magalasi okhaokha? Kapena poyamba linali linga la asilikali?"

Achemwali, linga ayi, ngakhale sindikukudabwani poti castle, linga lenilenilo, ili pakhomo pomwepo ndipo zonse zakhala pamwamba pa chitunda chomwe mtsinje wa Wear unachizungulira. Nkhani yagona pa denga basi.

Matchalitchi ambiri akale ankafolera ndi matabwa, ndiye ndi makandulo aja moto sunkachedwa. Kuyambira cha m'ma 1000 amisiri ku France, Spain, Italy ndi Germany anayamba kulimba mtima kumanga denga la miyala yokhayokha, pogwiritsa ntchito arch, miyala yosanjidwa mokhota pamwamba pa mpata, yozungulira ngati theka la mwezi yomwe anatengera kwa Aroma, n'chifukwa chake mamangidwe amenewa amatchedwa Romanesque. Ku England amangoti Norman poti anafala ndi anthu a William the Conqueror wa ku Normandy, ku France, atalanda dzikolo mu 1066. Tsono vuto la arch yozungulira ndi lakuti katundu wake sapita pansi pokha, amakankhiranso m'mbali, ngati munthu wasenza thumba la chimanga lolemera miyendo imayamba kutangadza yokha. Denga lonse likakhala la mtundu umenewu ndiye kuti khoma lonse likukankhidwa kuchokera uku mpaka uko, ndiye mmisiri atani? Amanenepetsa khoma, ndipo windo lililonse lomwe angaboole ndiye kuti wafooketsa khomalo, basi amangoboola laling'ono. Kamdima kaja sikuti ankafuna kuopseza akhristu ayi, ankaopa kuti denga lingawagwere.

Durham anayamba kumanga mu 1093 pa nthawi ya bishopu William of St Calais, pofika 1133 mbali yaikulu inali itatha, zaka 40 zokha zomwe kwa nthawi imeneyo ndi liwiro ndithu. Ankamangira mafupa a Cuthbert Woyera yemwe anamwalira mu 687, amonke anayenda nawo mtembo wake zaka zambirimbiri pothawa ma Viking, achifwamba a panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, mpaka kukhazikika pa Durham mu 995. Zipilala zozungulira zija mukaziyeza kuzungulira kwake ndi mamita oposa 6, ndipo taonani mmene anazigobera, china mizere ya zigizagi, china timadayamondi, china mizere yoongoka. Ine zigizagi ameneyo ndiye amandipha, mukamuona pa chitseko cha tchalitchi chilichonse ku England ingodziwani kuti apa panadutsa ma Norman.

Koma chomwe ndikufuna mukaonenso mukabwererako ndi ichi, mukaime pakati n'kuyang'ana kumwamba. Muona timizere ta miyala todutsana ngati X, amati ma rib, ndipo ma arch akuluakulu odutsa pakati pa dengalo ndi osongoka pamwamba, pomwe a m'munsi pa zipilala ndi ozungulira. Apa ndiye pali nzeru yonse. Ma rib amatenga kulemera kwa denga n'kukakutula pa zipilala m'malo momwaza pakhoma lonse, ndipo arch yosongoka sikankha m'mbali kwambiri. Durham ndi amodzi mwa malo oyambirira ku Ulaya komwe anayesa zimenezi pa nyumba yaikulu chonchi. Kungoti amisiriwo anali asanazikhulupirire kwenikweni, makoma anawasiyabe onenepa. Anzawo aku France ndi amene anapita nazo patali, pa Saint-Denis pafupi ndi Paris cha m'ma 1140 Abbot Suger anachepetsa makoma n'kudzazamo magalasi, apo ndiye panayambira mamangidwe otchedwa Gothic, a York Minster aja. Ngakhale ku Durham komweko mukafika kumapeto kwake kummawa, pa Chapel of the Nine Altars ya m'ma 1200, muona kuwala kwasintha.

China, musaganize kuti miyala inali yotuwa chonchi kalelo, makoma ankapakidwa penti ndi zithunzi, zotsala zake zikuonekabe mu Galilee Chapel momwe muli manda a Bede, mmonke wotchuka wolemba mbiri yakale ya England.

Mukapezanso off ina pitani ku Escomb pafupi ndi Bishop Auckland, si kutali. Pali katchalitchi ka ma Saxon, anthu omwe ankalamulira England ma Norman asanabwere, komangidwa cha m'ma 670, kopapatiza koma kakatali, timawindo take ting'onoting'ono tomwe mkati anatikulitsa pang'ono kuti kuwala kumwazike. Miyala yake yambiri anakatola pa linga lakale la Aroma ku Binchester, moti mwala wina wolembedwa LEG VI, dzina la gulu lina la asilikali achiroma, anangouika chadodolido pakhoma. Mukachoka pamenepo n'kulowanso mu Durham, mudzaona kuti mawindo mukuti ndi ochepa aja anali aakulu zedi kwa anthu a mu 1133.